Mphika Padzuwa, Msana Pamthunzi

Panali munthu wina kuchigwa cha Shire, dzina lake Bizeki. Anali mmisiri wa zitsulo, wa manja osakhazikika. Njinga ikathyoka foloko, mjigo ukakana kutulutsa madzi, ngolo ikaguluka teyala, anthu ankangoti, "Kaitaneni a Bizeki." Ndipo ankabwera chothamanga, chifukwa kuyenda pang'onopang'ono munthu ameneyu sankakudziwa. Ngakhale kumaliro ankafika thukuta lili kamukamu.

Bizeki ndi mkazi wake Nankhoma anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Esinala. Mwanayu atangoyamba kusinkhuka anamupeza ndi matenda a shuga, aja ofuna jekeseni tsiku ndi tsiku. Namwino anawauza kuti mankhwala ake amadana ndi kutentha. Azikhala pozizira, osati pofunda, komanso asaume ngati mwala. Tsono kumudziko magetsi kunalibe, ndipo dzuwa la kuchigwa mukulidziwa, limaswa mtengo ndi m'mawa womwe. Choncho Esinala anakakhala kuboma kwa mayi ake aakulu, a Felesiya, komwe kunali firiji. Pakhomo pa Bizeki panangoti zii. Nankhoma akaphika ankapezeka watenga mbale zitatu, kenaka n'kubweza imodzi mwakachetechete.

Kuboma sikunali kutali kwenikweni. Mtima ukawawa, munthu ankapalasa njinga n'kukamuona mwana. Koma tsiku lina a Felesiya anabwera ndi nkhani yowawa. Amuna awo anali atawasamutsira kumpoto pantchito, ulendo wa masiku, ndipo mwezi ukatha banja lonse linali kunyamuka.

"Mwana tipita naye," anatero a Felesiya. "Sindikukulandani ayi. Koma alamu, mankhwala akewa muziwasunga pati? Mumtsuko?"

Bizeki anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana mkazi wake amene anali atagwira kukamwa.

"Alamu, tsiku lodzatsanzika mudzabwere naye," anatero. "Mukadzapeza pozizira pakhomo pano, mwana atsale."

A Felesiya anaseka mwachisoni. Komabe anamusiyira kachipangizo koyezera kuzizira komwe namwino anawapatsa. Kanali ndi muvi, ndipo pankhope pake panali malo obiriwira. Anati muviwo ukakhazikika pobiriwirapo usana wonse, n'kupezekabe pomwepo kutacha, iwo sadzatsutsa.

Kuseri kwa golosale ina yakale kunali firiji ya parafini yotayidwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Achinyamata inu mwina simunaionepo. Firiji imeneyi ilibe injini, silira, ndipo imaziziritsa ndi moto. Inde, ndi moto! M'mapaipi ake muli madzi osakaniza ndi mpweya wotchedwa amoniya, wonunkha ngati khola la mbuzi, ndipo munthu wanzeru mapaipi amenewo sawaboola. Cham'munsi muli kamphika kachitsulo. Moto ukatentha kamphikako, madzi amaulavula mpweya uja. Mpweya umakwera m'mapaipi a kumsana kwa firiji, kumeneko umataya kutentha kwake n'kusanduka madontho. Madonthowo amatsikira m'bokosi n'kuuma, ndipo pouma amatenga kutentha kwa m'bokosimo, monga thukuta likamauma pakhungu limasiya thupi lili ziziri. Pomaliza mpweyawo umabwerera kumsana, madzi aja n'kuumwanso, ulendo n'kuyambiranso.

Bizeki anaikweza firijiyo pangolo, nkhuku zikudandaula. Anaitsuka, anaipala dzimbiri, anaiyatsa ndi parafini wotsala m'nyali, ndipo anamva kuti moyo inali nawobe. Koma parafini kuderalo anali atasanduka nyanga ya galu. Lero alipo, mawa kulibe, ndipo mankhwala a mwana sangadikire kuti galimoto ya mafuta ifike. Bizeki anakhala pakhonde masana, mutu uli m'manja. Dzuwa linamuwotcha phazi lomwe linatulukira kunja kwa mthunzi. Analibweza phazilo, kenaka anaima njo.

"Mayi a Esinala! Kodi firijiyi imadya parafini kapena imadya kutentha?"

"Ine ndidziwa bwanji?"

"Kutentha! Imadya kutentha! Nanga m'dziko muno muli anthu olemera kutentha kuposa ife?"

Analoza kumwamba, n'kuseka mpaka nkhuku zinabalalika.

Kuyambira tsiku limenelo akalilole anayamba kusowa m'mudzimo. Bizeki anapempha zidutswa kwa ometa, anazula za pa kabati yakale, anakatola za galimoto zophwanyika kugalaja. Anapeza mbale yaikulu yachitsulo yokokera wailesi ya kanema, yotha ntchito, n'kumata zidutswazo m'kati mwake chimodzichimodzi, mpaka mbale yonse inali ng'aning'ani. Ataitembenuzira kudzuwa, kuwala konse kunasonkhana pamalo amodzi osaposa chikhatho. Anayesa ndi chipewa chake kuti aone ngati patentha. Chipewacho chinafuka utsi asanamalize n'komwe kufunsa, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi chipewa choboola pakati, monyadira.

Firiji anaiika pansi pa mtengo wa nimu womwe unali pafupi ndi khonde. Sanasankhe malowo mwanzeru ayi, pamenepo ndi pomwe ngolo inaitsitsira. Anaika mbale ya madzi pamwamba pake, n'kumatsamiza timiyala kumiyendo mpaka madziwo analingana mbali zonse, pakuti firiji yotere ikapendekeka imanyanyala. Kenaka anawotcherera chitsulo chakuda chochokera pa kamphika kutulukira padzuwa, n'kuloza kuwala kwa mbale ija pachitsulopo. Dzuwa likasuntha, iye ankasuntha mbale. Chakudya anachiiwala.

Dzuwa litapendeka anatsegula chitseko n'kupisa dzanja. Anatulutsa dzanjalo, analiyang'ana, n'kulipisanso.

"Kwazizira! Mayo ine, kwazizira!"

Anatola botolo la madzi lomwe anaikamo m'mawa, n'kuthamanga nalo mudzi wonse. Aliyense wokumana naye ankamukhudzika botololo pakhosi. Amayi pamjigo anakuwa, madoda apabawo analumpha, mbusa wa mpingo anagwetsa njinga. Pofika madzulo mudzi wonse unali pakhomo pa Bizeki, anthu akupisa manja m'bokosi mosinthana, kenaka n'kuyang'ana dzuwa mokayika ngati lawabera. Gogo wina anakana kuyandikira, amvekere kuzizira kobadwa kumoto sikungakhale kwa Mulungu. Nankhoma analiza nthungululu, misozi ili mbwembwembwe.

Koma muvi wa kachipangizo kaja sunachite nawo chikondwererocho. Unayenda ndithu, n'kuima pafupi ndi pobiriwira, osalowa. Ndipo kutacha m'bokosimo munali mofunda.

Bizeki sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Mtima wake unali dyokodyoko. Anati, "Mbale imodzi yatipatsa kuzizira kotere. Mbale ziwiri zitipatsa kowirikiza." Musamuseke msanga, pakuti ndani mwa inu sakanaganiza chomwecho? Anasaka mbale yachiwiri, ndipo tsopano anthu ankabweretsa okha akalilole awo. Atsikana a m'mudzimo anayamba kudzikonzera nkhope m'ndowa za madzi. Mbale yachiwiri itayamba ntchito, muvi unasuntha, koma pang'ono chabe, ngati munthu wokankhidwa. Anapanga yachitatu, yaikulu kuposa zonse. Muvi sunasunthe n'komwe.

"Vuto ndi mtengowu," anatero Bizeki. "Firiji ya dzuwa ikhala bwanji pamthunzi ngati mlendo wodikira thobwa?"

Anaikokera pakati pa bwalo, pamtetete, mbale zitatu zitaizungulira. Pakhomo paja panawala moti anthu odutsa ankaphimba m'maso. Ochokera midzi yakutali ankabwera kudzaona, ena atanyamula ana paphewa. Bizeki ankathamanga kuchoka pambale iyi kupita pa iyo, akufotokozera alendo, akuseka, akuitanira ena. Chitsulo chakuda chija chinatentha mpaka malovu ankalira akagwerapo. Madzulo anatsegula chitseko anthu onse akuona. Muvi unali utabwerera m'mbuyo, ndipo botolo la madzi linali lofunda ngati tiyi woiwalika.

Tsono amisiri a mafiriji a parafini ali ndi mankhwala amodzi omwe amawakhulupirira kuposa onse. Firiji ikasiya kuziziritsa amaizondotsa, miyendo m'mwamba, kuti za m'mapaipi zisakanikirenso. Nthawi zambiri zimathandizadi. Bizeki anaitana amuna anayi, anaizondotsa firijiyo, anaigwedeza, m'kati mukulira khuluchukhuluchu. Anaisiya chizondokere mpaka mawa lake, n'kuiimikanso. Panalibe chosintha. Anaizondotsanso. Amuna aja anayamba kumabisala akangomuona akubwera.

Nankhoma anadutsa kumsana kwa firijiyo atanyamula nkhuni, mkono wake n'kukhudza mapaipi. Anatsala pang'ono kuponya mtolo.

"Bambo a Esinala, kumbuyoku mungawotchereko mbatata!"

"Ndiye kuti ikugwira ntchito, mayi," anayankha Bizeki osatembenuka n'komwe.

Apa ndiime pang'ono, ndikufunseni. Mayi akatenga chimanga kupita nacho pamtondo, mumamuyamikira chifukwa cha mkokomo wa musi kapena chifukwa cha mphale yotsala m'lichero? Makina a mtundu umenewu amadya kutentha kwambiri kuti abereke kuzizira kochepa. Ndi chibadwa chawo, palibe mmisiri angachichotse. Luso lagona pa funso limodzi ili: pa kutentha konse komwe ndalowetsa, ndi kochuluka bwanji komwe kwandibweretsera kuzizira m'bokosi? Bizeki funso limeneli sanadzifunse. Maso ake anali pa zolowa, ndipo zolowazo zinali zokongola kuziona. Sanadziwe kuti kamphika kakatentha mopitirira, madzi amawira n'kukwera limodzi ndi mpweya, n'kukasokoneza ntchito m'mwambamo.

Masiku anatha ngati mchere m'madzi. A Felesiya anatumiza uthenga kuti katundu wayamba kale kumangidwa, ndipo kumapeto kwa sabata imeneyo abwera ndi mwana kudzatsanzika. Nankhoma anasiya kulankhula za firiji. Anayamba kusoka diresi loti mwana wake akavale kumpoto, ndipo ankasokera m'nyumba kuti mwamuna wake asaone.

Bizeki anaona. Mtima unamupweteka, ndipo kupwetekako kunasanduka ukali. Anazungulira bwalo kufunafuna mdani, mpaka anamupeza. Dzuwa likapendeka, chithunzithunzi cha mtengo wa nimu uja chinkakwawa n'kukhudza m'mphepete mwa mbale yachitatu. Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anatulutsa nkhwangwa.

Nankhoma anatuluka chothamanga, singano ili kumanja.

"Mtengo umenewo anadzala ndi bambo anga! Mkamwini kudula mtengo wa eni osapempha, munazionapo kuti?"

"Mtengo kapena mwana, sankhani!"

Bizeki anayamba ndi nthambi yaikulu yotambalalira kubwalo. Anali asanadye kanthu chidzukire, tulo anali asanagone bwino kwa masiku, ndipo kuwala kwa mbale zake zomwe kunkamumenya kumsana. Anatema kamodzi, anatemanso. Pakamwa panauma gwa. Thukuta lomwe linkatsika ngati mvula linangosiya lokha. Anaona mitengo iwiri pomwe panali umodzi, nkhwangwa inapulumuka, ndipo mmisiri wathu anagwa chagada, fumbi kobo.

Anatsitsimuka ali patsinde pa mtengo womwewo. Nankhoma anali atamukokera pamthunzi, atamuvula malaya, atamufunditsa chitenje chonyowa, akumukupiza ndi lichero. Bizeki anaona chikho cha thobwa pambali ndipo anachilanda. Koma mmero unakana. Thobwa linabwerera, mseru unamugwira, anatsokomola mpaka misozi.

"Dekhani, bambo inu!" anatero Nankhoma. "Thupi likadali moto chonchi silingalandire kanthu. Zizirani kaye, mukatero mumwa."

Anathiranso madzi pachitenje paja n'kupitiriza kukupiza. Kamphepo kanadutsa pansalu yonyowayo, ndipo Bizeki anamva kutentha kukuchoka m'thupi mwake pang'onopang'ono. Patapita nthawi anatenganso chikho. Thobwa linatsika bwinobwino, lokoma kwabasi. Anamwa theka, n'kuima, chikho chili pamlomo. Maso ake anali pa firiji yomwe inali njo pakati pa bwalo, mapaipi a kumsana akung'anima padzuwa.

"Mwati chiyani, mayi a Esinala?"

"Ndati imwani pang'onopang'ono."

"Ayi, poyamba paja. Likadali moto silingalandire…" Anadzambatuka, chitenje chikugwa. "Madzi! Madzi a kumsana aja! Akatentha amalavula mpweya, akazizira amaumwa. Ine ndawatenthetsa kutsogolo ndi kumbuyo komwe! Angamwe bwanji? Ndipo mpweya ungataye kuti kutentha kwake, pamene kunja kukutentha kuposa m'kati? Ndaitseka pakhosi ndekha firijiyi!"

"Khalani pansi, mugwanso!"

Anakhaladi pansi, pakuti miyendo inali isanagwirizane naye. Koma anaseka, anaseka mpaka Nankhoma anaopa kuti dzuwa lamulowa m'mutu. Dzuwa litapepa mphamvu anadzuka n'kuchita chinthu chomwe mudzi wonse unachiona ngati misala. Anapita pa mbale yachitatu, yaikulu ija, yomwe anthu ankayendera mtunda kudzaiona, n'kuigwetsa chafufumimba. Yachiwiri anaichita chimodzimodzi.

"A Bizeki, akalilole athu aja mukuwakwirira?" anafunsa mayi wina.

"Bwerani mutenge, mayi! Kadziyang'anireni! Ine yotsala imodziyi yandikwana."

Anaitana amuna anayi aja n'kulumbira kuti ulendo uno sazondotsa kanthu. Anaibweza firiji pansi pa nimu, pomwe inayambira, n'kuilinganizanso ndi mbale ya madzi. Anamanga mpanda wa bango wolekanitsa kamphika ndi msana, kuti kutentha kwa mbali ino kusaolokere mbali iyo. Kamphikako anakakuta ndi dothi ndi phulusa kuti moto wake usamwazike pachabe. Kumsana anapachika ziguduli motalikirana pang'ono ndi mapaipi, pamwamba pake n'kuika mtsuko woboola pansi, kuti madzi azidontha n'kunyowetsa zigudulizo tsiku lonse. Anasiya mpata m'munsi woti mphepo izilowera, ndipo pamwamba anakhoma chumuni cha malata choti mpweya wotentha uzitulukira. Bokosi lenilenilo analiveka thonje la m'munda mwawo ndi mankhusu a mpunga, kuti kuzizira kukalowa kusathawe. M'kati anadzazamo mabotolo a madzi, kuti azisunga kuzizira kwa masana n'kumakubweza dzuwa likalowa.

Nankhoma anasiya diresi lija n'kumatunga madzi a mumtsuko. Nthambi yotemedwa ija anaimanga ndi luzi, ndipo mwamuna wake anagwirizira mbali ina.

M'mawa mwake mbale imodzi ija inaloza kuwala kwake pachitsulo. Pakhomo panalibenso chodabwitsa choti anthu n'kuonerera, choncho sikunabwere munthu. Bizeki anagwira mapaipi a kumsana. Anali ofunda chabe, oti dzanja n'kukhalapo. Anaika khutu pafiriji n'kumva timadzi tikuyenda mwakachetechete. Chitseko sanatsegule mpaka madzulo, ndipo kwa munthu ngati iye kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kukomoka. Atatsegula, muvi unali pakati penipeni pobiriwira. Bizeki anavina pabwalo yekha, wopanda ng'oma. Kutacha muvi unali utatsetserekera m'mphepete, phazi limodzi kunja. Anawonjezera thonje, anawonjezera mabotolo, anamata mpata womwe unali pachitseko ndi mphira wa chubu cha njinga. Mbale sanawonjezere.

Tsiku lotsanzikana linafika. A Felesiya anabwera ndi Esinala pa njinga za kabaza, chikwama cha mwanayo chitamangidwa kale, mankhwala ali m'fulasiki ya madzi oundana. Esinala anali atatalika, atayamba kuyenda ngati wa kuboma. Anagwada, n'kupereka moni.

"Ababa, ndamva kuti munakomoka."

"Ndinangopumula pang'ono, mwana wanga. Anthu amakonda kukuza nkhani."

A Felesiya anaizungulira firijiyo, nkhope ili gwa. Kunena zoona, sinkaoneka ngati chinthu choti munthu angaikize moyo wa mwana. Inali itavala thonje ndi ziguduli ngati wodwala malungo, mtsuko ukudontha pamutu. Anatsegula, anayang'ana muvi, anatseka.

"Masana aliyense ndi dolo," anatero. "Tionana m'mawa."

Anagona konko. Kutangoyera kum'mawa, dzuwa lisanatuluke, onse anali ataima pansi pa nimu. Bizeki anaima pambali pa chitseko. A Felesiya anatsegula okha. Kamphepo kozizira kanatuluka n'kuwakhudza kumapazi. Anawerama, anayang'anitsitsa kachipangizo kaja nthawi yaitali, anakagogoda ndi chala kuti mwina kakunama. Muvi sunasunthe. Unali pobiriwira.

A Felesiya anaweramuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi fulasiki ija. Anatulutsa timabotolo ta mankhwala kamodzikamodzi, anatiika pakati pa mabotolo a madzi, n'kutseka chitseko bwinobwino. Kenaka anatembenukira kwa mng'ono wawo, maso ali psu.

"Iwe Nankhoma, ukungoima? Kamasule chikwama cha mwanayo, zovala zikwinyika."

Nthungululu yomwe inamveka m'mawa umenewo inadzutsa mudzi wonse. Esinala anawalumphira abambo ake, kuiwala kuti ndi wamkulu, ndipo Bizeki anamukumbatira, misozi ikutsikira m'ndevu. Dzuwa linatuluka kuseri kwa mapiri, lofiira, lokonzeka kuwotcha monga mwa masiku onse. Bizeki anapukuta m'maso, anagwira mwana wake padzanja, n'kupita naye pa mbale ija kuti amuonetse motembenuzira.

Tsono inu mwakhala apa, changu muli nacho, ndikuchiona m'maso mwanu, ndipo ndikuchikonda. Popanda moto palibe chimayenda. Koma pali ena mwa inu amene zinthu zikavuta pakhomo kapena pantchito, mankhwala awo ndi amodzi: kuwonjezera moto. Mwana akalephera, mawu akwere. Ntchito ikakana, tulo tichepe. Banja likazizira, malamulo achuluke. Mumayeza kutopa kwanu n'kumati mwagwira ntchito, osatsegula chitseko kuti muone chomwe chafika kwa munthu amene mukumuvutikirayo. Pitani mukagwire kumsana. Mwina amene mukumuthira motoyo watentha kale, ndipo sangalandirenso kanthu kufikira mutamupatsa popumira. Mwina wotenthayo ndinu. Musanapite kukasaka mbale yachitatu, ikani nkhwangwa pansi, mufunse kuti mthunzi uli kuti.